Malipiro otsikitsitsa: Ntchisi inaona kale ntchito yopanda lamulo

Dzulo wina anatumiza mfundo yakuti boma lichotse lamulo la malipiro otsikitsitsa, eti mabwana azilemba anthu ambiri, umphawi uchepe. Mfundoyi si yopusa ayi. Milton Friedman, katswiri wa zachuma wa ku America, ankanena zomwezo: ukakweza mtengo wa wantchito, wagolosale amangosiya kulemba, ndipo wovutika ndi mnyamata wosaphunzira uja. Kuno mu 2024 boma linakweza malipirowa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000, patangopita miyezi yochepa kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndiye wa chigayo pa Malomo akadandaula ndimamumva.

Koma ine, mwana wa msodzi wa ku Nkhotakota, ndikakwera mtunda kupita ku Ntchisi ndi Dowa ndimaona dziko limene linayesa kale zimenezi kwa zaka 100.

Cha m'ma 1920 mzungu A.F. Barron anayamba kugawa mbewu ya fodya kwa anthu akuda cha ku Mbabzi, kufupi ndi Lilongwe, iye nkumagula tsamba lake. Fodya anafalikira mpaka ku Dowa. Mu 1926 atsamunda anakhazikitsa Native Tobacco Board yoti iziyang'anira mlimi wakuda. Panalibe malipiro apa. Panali mtengo wa tsamba basi, ndipo wotchula mtengo sanali wolima.

Titalandira ufulu sizinasinthe kwenikweni. Lamulo la Special Crops Act linasiya fodya wa burley m'manja mwa maesiteti, mlimi wa m'mudzi osaloledwa. Kenaka mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi anafa, Kamuzu nkuletsa ulendo wa ku Joni. Amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi nthawi imene maesiteti a fodya m'chigawo chapakati ankafuna manja. Taganizani: Joni yatsekedwa, burley pamunda pako ndi mlandu. Upita kuti? Ukakhala tenanti.

Utenanti wake unali uwu. Banja limachoka ku Mulanje kapena ku Phalombe, bwana amalipatsa munda, feteleza, chimanga ndi mchere pangongole. Bambo, mayi ndi ana onse m'munda, kuyambira ku nazale mpaka kusoka ndi kuyanika m'chigafa. Fodya akagulitsidwa ku okushoni, bwana amatsegula kope lake nkuyamba kuchotsera. Ena ankatsala ndi ya njinga ndi wailesi, ena ankauzidwa kuti ngongole sinathe, akhale chaka china. Ntchito inalipo yambiri, zoona, ngati mmene Friedman ankafunira. Ndi matenanti angati anamanga nyumba ya malata?

Izi ndimazidziwa chifukwa kunyanja nchimodzimodzi. Bambo anga anali mlovi pa chilimira cha munthu wina. Mwini ukonde amayamba wachotsa za mafuta, kenaka gawo lake, zotsala ndiye alovi agawane. Usipa ukakana, mwapalasa usiku wonse ulele. Palibe wa ofesi ya zantchito anafikapo padooko.

Chimene chinagwedeza mabwana ndi 1990, pamene alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima burley. Munthu wa kwa Kalumo kapena ku Mponela akakhala ndi kamunda, amatha kukana utenanti, nkulowa kalabu, nkukagulitsa yekha ku Kanengo. Mphamvu inabwera chifukwa anali ndi kwina kopita.

Lamulo linabwera mochedwa. Employment Act ndi ya 2000, ndipo utenanti unathetsedwa pa pepala mu 2021, America itayamba kale kutsekereza fodya wathu mu November 2019 pa nkhani yogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu. Ngakhale lero, mayi wopalira mizere ya soya kwa Nthondo pa ganyu salandira za m'gazeti ya boma. Amalandira mbale ya ufa kapena ndalama imene agwirizana m'mawa umenewo, ndipo mu January, njala ikafika pachimake, mtengo wa mzere umatsika chifukwa ofuna ganyu achuluka.