Thumba la boma: mbiri ya maloko ndi osunga makiyi

Usiku wa pa 13 Sepitembala 2013, pageti la nyumba ina ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe panalira mfuti. Wowomberedwayo anali Paul Mphwiyo, mkulu woyang'anira bajeti ku unduna wa zachuma, ndipo anapulumuka. Masiku ochepa m'mbuyomo apolisi anali atagwira kalaliki wina wa boma ali ndi ndalama zoposa K100 miliyoni, zomwe malipiro ake sakanafikapo ngakhale atagwira ntchito moyo wake wonse. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Mipukutu ya ndalama inayamba kupezeka m'mabuti a galimoto ndi m'zipinda zogona, ndipo Amalawi anaphunzira mawu atsopano akuti Cashgate.

Koma nkhokwe yomwe inabooledwayo sinali yopanda chitseko. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anali atanena kale kuti ndalama zonse za boma zizilowa m'thumba limodzi, ndipo zisatuluke popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. Gawo 184 la malamulowo linakhazikitsa udindo wa mkulu wolondoloza ndalama za boma, woti aziunika mabuku a maunduna n'kupereka lipoti kwa aphungu. Mu 1995 kunabwera lamulo lothana ndi katangale, lomwe linabala bungwe la ACB.

Papepala zonse zinali bwino. Komabe m'zaka zomwezo munamveka nkhani ya makope a ana asukulu ogulidwa mwachinyengo ku kampani ya Field York ya ku Britain, kenako ya K187 miliyoni za unduna wa maphunziro zomwe zinalipidwa kwa makontilakitala, ena osamanga ndi khoma lomwe. Yankho la boma linali kuwonjezera maloko. Mu 2003 aphungu anavomereza malamulo atatu: la kayendetsedwe ka ndalama za boma, la kaunikidwe ka mabuku, ndi la kagulidwe ka katundu. Mu 2005 kunakhazikitsidwa IFMIS, njira yolipirira zonse za boma kudzera pakompyuta, yomwe akuluakulu anakaionera ku Tanzania. Chaka chotsatira dziko lino linakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja, ndipo ambiri tinkati thumba lathu lapuma.

Chopweteka n'chakuti mbava za Cashgate zinalowera pa loko lomwelo. Wina ankalemba mu IFMIS kuti kampani yakutiyakuti yapereka katundu ku boma, pomwe sinapereke ngakhale msomali. Cheke chinkasindikizidwa, mwini kampani n'kukatapa ndalama ku banki, kenako wa makiyi a kompyuta n'kufufuta zonse ngati sipanachitike kanthu. Akatswiri a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain atafukula, anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni zinasololedwa pakati pa Epulo ndi Sepitembala 2013, miyezi isanu ndi umodzi yokha. Kompyuta sinabe kanthu. Anaba ndi anthu omwe anapatsidwa makiyi, pomwe owayang'anira anali m'tulo kapena akudya nawo.

Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Joyce Banda, anachotsa nduna zake zonse mu Okutobala chaka chomwecho. Mayiko othandiza, omwe ankathira pafupifupi magawo 40 mwa 100 a bajeti yathu, anaimitsa thandizo la madola pafupifupi 150 miliyoni. Aka sikanali koyamba kuti atifulatire. Mu 2011, boma la Bingu wa Mutharika litathamangitsa kazembe wa Britain, dziko linayesa bajeti yodalira misonkho yathu yokha, ndipo tonse tikukumbukira mizere ya mafuta ya chaka chimenecho. Ulendo uno wolipira analinso yemweyo: mayi wofika kuchipatala n'kuuzidwa kuti akagule mankhwala ku famase, ndi mphunzitsi wodikira malipiro mwezi utatha kale.

Makhothi anagwirako ntchito. Treza Senzani, yemwe anali mlembi wamkulu ku unduna wa zokopa alendo, anali woyamba mwa akuluakulu kulowa m'ndende mu 2014, zaka zitatu. Wamalonda Oswald Lutepo anagamulidwa zaka 11 mu 2015. Mu 2016 yemwe anali nduna ya zachilungamo, Ralph Kasambara, anapatsidwa zaka 13 pa mlandu wokonza chiwembu chofuna kupha Mphwiyo, yemwenso anamangidwa mu 2014 pomuganizira kuti nkhaniyi ikumukhudza. Koma ndalama zomwe zinabwerera m'thumba la boma n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe zinatuluka, ndipo milandu ina yakhala ikuzengereza kwa zaka.

Kodi tinaphunzirapo? Mu 2021, anthu akufa ndi Covid-19 m'zipatala zosowa mpweya, kafukufuku wa K6.2 biliyoni zolimbanira ndi mliriwo anaonetsa kuti zina zinathera m'maalawansi ndi kugula katundu mosatsata ndondomeko. Mu 2022 tinasulanso loko lina, lamulo latsopano la kayendetsedwe ka ndalama za boma, ndipo chaka cha boma chinasintha kuti chiziyamba pa 1 Epulo m'malo mwa 1 Julayi. Pakadali pano ngongole zija zinakhululukidwa mu 2006 zameranso, zambiri zotengedwa m'mabanki a konkuno. Mu bajeti ya 2024/25, ya ndalama pafupifupi K6 thililiyoni, chiwongoladzanja chokha chinkadya pafupifupi kwacha imodzi pa makwacha anayi alionse.

Akatswiri a zachuma, kuphatikizapo a mabungwe a ECAMA ndi MEJN, akhala akubwereza mfundo imodzimodzi: malamulo tili nawo okwanira, chosowa n'kuwatsata. Ine ndikuwavomereza ndi mtima wonse. Tsiku lomwe nduna ya zachuma ikuwerenga bajeti, wayilesi zonse zimakhala ku Nyumba ya Malamulo ndipo aphungu amawomba m'manja. Koma lipoti la mkulu wolondoloza ndalama, lomwe limanena komwe ndalamazo zinapitadi, nthawi zambiri limafika mochedwa, wolakwa atasamutsidwa kale unduna kapena atapuma ntchito. Komiti ya aphungu younika ndalama za boma imaitana wolakwayo, amayankha kuti mapepala anasowa, nkhani n'kuthera pomwepo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndalama za boma si za boma. Ndi msonkho womwe mayi wa ku Nsanje amalipira akagula sopo, ndi womwe namwino amadulidwa asanaone malipiro ake. Choncho bajeti ikamadzawerengedwanso, tisangofunsa kuti mwatilonjeza chiyani. Tifunsenso za chaka chatha: mjigo uja unakumbidwa? Mlatho uja ulipo? Ndipo yemwe anasaina cheke chake ali kuti lero?