Uzimba ndi Malamulo a Nyama ku Ntcheu

Angoni a Maseko atakhazikika m'dera la Ntcheu m'zaka za m'ma 1800, uzimba unali ntchito ya mudzi wonse. Amuna ankatentha tchire m'chilimwe n'kusaka ndi agalu, mikondo ndi zibonga, ndipo chikopa cha kambuku chinkaperekedwa kwa mfumu.

Atsamunda atapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896, ulamuliro pa nyama unachoka m'manja mwa mafumu. Malamulo a 1897 anafuna kuti wosaka nyama zikuluzikulu agule chiphaso, chomwe munthu wamba sakanachikwanitsa. Pambuyo pake boma linapatula nkhalango za Dzonzi ndi Mvai, koma makamaka pofuna kuteteza mitengo ndi magwero a madzi. Minda itachuluka, nyama zikuluzikulu zinatha m'boma la Ntcheu.

Zotsala zili kufupi, ku Liwonde National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1973. Zipembere zinabwezeredwako mu 1993, ndipo bungwe la African Parks, lomwe likuyendetsa malowa kuyambira 2015, limalondola njovu ndi mikango poziveka makolala a GPS. Lamulo loteteza nyama zakutchire lokonzedwanso mu 2017 limalola khoti kugamula zaka mpaka 30 kwa wopezeka ndi ngaka kapena minyanga.