Wagareta ndi Wangolo m'Dziko la Mwase

Pali mau awiri amene ophunzira ambiri amawayesa amodzi, ndiwo "wagareta" ndi "wangolo". Onse awiri anena za munthu woyendetsa cinthu ca magudumu, koma nchito zao zinali zosiyana, ndipo ulemu wao unali wosiyananso.

Liu lakuti gareta linacokera ku Cipwitikizi, monganso liu lakuti kavalo. M'Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa m'caka ca 1922, gareta akokedwa ndi akavalo, monga magareta a Farao amene anamira m'Nyanja Yofiira. Koma mwana wa kwa Mwase wowerenga zimenezi pa sukulu ya misyoni ku Chilanga anali kudziwa gareta wa mtundu wina. Akavalo sanali kukhalitsa m'dziko lino cifukwa ca kashembe, nchenche imene ipatsa ziweto nthenda yakupha, nipatsa anthu kaodzera. Kuzambwe kwa Kasungu kashembe anacuruka kotero kuti m'caka ca 1922 Boma linasamutsa midzi ya kumeneko, ndipo chire lotsalalo ndilo linasanduka Kasungu National Park m'caka ca 1970.

Posowa akavalo, Azungu amene anakhazika boma pa Kasungu atagonjetsa Mwase m'caka ca 1895 anayamba ndi kuyenda pa macila. Pambuyo pace panafika gareta wa ulendo: mpando wokhala pa gudumu limodzi, wa mitengo iwiri yogwirira, woyenera tinjira topapatiza ta kumidzi. Munthu mmodzi anali kukoka patsogolo, wina kukankha pambuyo. Wagareta tsono sanagwire cingwe ca nyama iriyonse. Mwini wace ndiye analowa m'malo mwa kavalo. Pokwera mtunda anali kupuma wefuwefu, potsika anali kuumitsa miyendo kuti bwana angagwe. Njinga yamoto ndi galimoto zitacuruka, nchito imeneyi inazirala.

Liu lakuti ngolo linadzera njira ya kumwera, pakuti ndi mbale wace wa "inqola" wa Azulu ndi Andebele, ndi "ngoro" wa Ashona. Amuna opita ku Harare ndi ku Joni anaona ng'ombe zikukoka katundu m'mapulazi, koma ngolo inafala m'midzi ya m'Cigawo ca Pakati makamaka itatha nkhondo ya 1939 mpaka 1945, pamene alangizi a zaulimi anafulumiza alimi kumanga ng'ombe m'goli. Wangolo sakoka. Iye aphunzitsa ng'ombe zofula, azicha maina, nazilamula ndi mau ndi mkwapulo. Kawirikawiri ngolo ndi yace kapena ya mbale wace, ndipo anthu amlipira powatutira cimanga, njerwa, nkhuni zowambira fodya ndi fodya yemwe. Pa cidikha ca Kasungu nchitoyi ikalipobe.

Kusiyana kwace ndi uku: wagareta anagulitsa mphamvu ya thupi lace kuti mnzace asaponde pansi, koma wangolo agulitsa mphamvu ya ng'ombe ndi luso lace lakuziweta. Mphunzitsi wofika pa liu lakuti gareta m'kalasi acita bwino kufotokoza zonse ziwiri, gareta wa m'Buku ndi gareta wa kuno. Akanena kuti gareta ndi ngolo yakale basi, ana sadzadziwa kuti m'njira zomwe ayendamo popita ku sukulu, makolo ao anathamangamo akukoka munthu.