Mfuti ya Mpiringidzo ndi Mitu ya Atengatenga

Mlatho wa njanji wa pa Kafue unatha kumangidwa mu 1906. Nkhondo ya 1914 itabuka, sitima zochokera ku Livingstone zinkawoloka pamenepa zitasenza asilikali, mfuti ndi mabokosi a zipolopolo kupita kumpoto. Mfuti za nkhondo imeneyo zinali zitasiyana kale ndi gogodela ya makolo athu, ija yothira wonga kukamwa n'kusinja ndi kamtengo, mdani akukuyang'ana.

Chinasintha zinthu ndi kachitsulo kokhala ngati mpiringidzo wa chitseko. Ukakakweza n'kukakokera kumbuyo, chikhungwa cha chipolopolo chowombedwa chimalumphira kunja. Ukakakankha n'kukatsitsa, kamalowetsa chipolopolo china n'kutseka mpope kuti moto usabwerere kumaso. Asilikali a ku Prussia anayamba kugwiritsa ntchito mfuti yotere, ya Dreyse, m'zaka za m'ma 1840. Mauser ya 1871 inali yolimba kuposa imeneyo, koma inkalowa chipolopolo chimodzi basi, ndipo wonga wake unkafuka utsi. Afalansa ndiwo anathetsa utsiwo ndi Lebel ya 1886.

Angerezi anatenga nzeru ya James Paris Lee, yosunga zipolopolo m'kabokosi ka pansi pa mfuti, n'kutulutsa Lee-Enfield mu 1895. Imeneyi ndiye "303" imene akuluakulu amaitchulabe. Inkalowa zipolopolo 10 pamene Mauser ya 1898 inkalowa 5, ndipo mpiringidzo wa Lee-Enfield unali wofewa kudzanja, moti msilikali wophunzitsidwa bwino ankawomba zipolopolo 15 pa mphindi imodzi, zonse molunjika.

Chimene chimandiwawa m'mbiriyi n'chakuti mfuti ikamafulumira, imadyanso zipolopolo zambiri, ndipo njanji sinkafika kumalire a German East Africa, komwe kunali nkhondo. Katundu akatsitsidwa ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, kapena ku Ndola, mtunda wotsalawo unali wa miyendo ya atengatenga, amuna otengedwa m'midzi, ambiri mosafuna. Ankasenza pamutu mvula ikugwa, chakudya chikuperewera, ndipo matenda anapha ambiri a iwo osawomberedwa n'komwe. Mabuku a mfuti amatamanda Lee ndi Mauser, koma za makosi a anthuwa sanena kanthu.

Mbali inayo, asilikali a Ajeremani otsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck anayamba nkhondo ndi Mauser zakale zija za 1871, utsi wake n'kumawaulula m'tchire. Pang'onopang'ono anazisintha ndi zolanda kwa Angerezi ndi Apwitikizi. Anamva za kutha kwa nkhondo ali kumtsinje wa Chambeshi, ndipo anatula zida ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala 1918.

Lee-Enfield inapitirira. Northern Rhodesia Regiment, yokhazikitsidwa mu 1933, inamenya nayo nkhondo ku Somaliland mu 1940, kenako ku Burma. Britain inayamba kuisiya mu 1957, itasankha L1A1, mfuti yodzilowetsera yokha chipolopolo.