Kukoka Kopanda Chingwe: Michael Faraday ndi Funso la Magetsi

Munthu akafuna kukoka ng'ombe amaimanga chingwe, ndipo akafuna kugwetsa chipatso chakutali amatenga ndodo kapena kuponya mwala. Nzeru ya anthu a mitundu yonse inabvomerezana pa mfundo imeneyi, kuti chinthu sichingasunthe chinzake popanda kuchikhudza. Koma Agiriki akale anali ndi kanthu kamene kanakana lamuloli. Kanali utomoni wa mitengo yakalekale umene unauma nusanduka ngati mwala, ndipo iwo ankautcha elektron. Munthu akaukwecha pa ubweya, unkanyamula timaudzu ndi nthenga zikali potero. Funso lakuti nchiyani chimene chimadutsa pakati pa utomoni ndi nthenga linakhala zaka zoposa 2,000 lopanda yankho, ndipo amene analoza njira ya yankholo anali munthu wosadziwa masamu akuya.

Zoyamba zinayenda pang'onopang'ono. M'chaka cha 1600 William Gilbert, sing'anga wa ku London, anaonetsa kuti galasi ndi sulufule zimachitanso monga utomoni uja. M'chaka cha 1733 Mfalansa wina, Charles du Fay, anapeza kuti magetsi okhala pa zinthu zokwechedwa ali a mitundu iwiri: ofanana amakankhana, osiyana amakokana. Benjamin Franklin wa ku Philadelphia ndiye anaipatsa mitunduyi zizindikiro za kuonkhetsa ndi kuchotsera zimene zimalembedwa pa mabatire kufikira lero. Kuchuluka kwa magetsi okhala pa chinthu ndiko kumene kumatchedwa tchaji.

Amene anayeza mphamvuyo anali Charles Coulomb, mmisiri womanga malinga a asilikali a ku France. M'chaka cha 1785 anapachika kamtengo kopepuka pa waya woonda wasiliva, kampira kakang'ono kali ku nsonga yake, zonse zili m'kati mwa mtsuko wagalasi kuti mphepo isasokoneze. Atasendeza kampira kena kokhala ndi tchaji ya mtundu womwewo, koyamba kaja kanathawa, waya napotoka. Ndipo kukula kwa kupotokako ndiko kunamuuza kukula kwa mphamvu. Anapeza kuti mtunda wa pakati pa timipirato ukakula kawiri, mphamvu imatsala gawo limodzi la magawo anayi. Ukakula katatu, imatsala gawo limodzi la magawo asanu ndi anayi. Akatswiri anakondwa kwakukulu, pakuti lamuloli linafanana ndi lija Isaac Newton analemba m'chaka cha 1687 la kukokana kwa dziko, mwezi ndi dzuwa. Masamu ake anali okonzeka kale. Chotero ambiri analeka kufunsa za chimene chili pakati, nati mphamvu imangolumpha danga nthawi yomweyo, popanda chonyamulira. Iwo anaiwala, kapena anafuna kuiwala, kuti Newton mwini wake analembera Richard Bentley kalata yonena kuti ganizo lotere nlosamveka kwa munthu woganiza bwino.

M'zaka zomwezo munabadwa ganizo lina limene ophunzira ambiri amapunthwa nalo. Madzi a pamwamba pa mathithi ndi madzi a m'dziwe la pansi ali madzi amodzimodzi, koma a pamwambawo ali ndi ntchito imene angathe kuchita pakugwa. Momwemonso malo alionse oyandikana ndi tchaji ali ndi msinkhu wake, ndipo tchaji yochoka pa malo okwera kunka pa malo otsika imagwira ntchito m'njiramo. Msinkhu umenewu anautcha potential. Kusiyana kwake pakati pa malo awiri kumawerengedwa m'mavoliti, dzina lokumbutsa Alessandro Volta wa ku Italy, amene anapanga batire yoyamba m'chaka cha 1800 posanjikiza timbale ta zitsulo za mitundu iwiri ndi mapepala onyika m'madzi amchere. Batire ya tochi ili ndi mavoliti 1.5, ya galimoto 12. Mbalame yotera pa waya mmodzi wa magetsi siifa chifukwa mapazi ake onse awiri ali pa msinkhu umodzi. Madzi alibe potsetserekera. Mmodzi wa oyamba kulemba dzina la potential anali George Green, wopera tirigu pa chigayo cha bambo wake ku Nottingham. Kabuku kake ka m'chaka cha 1828 anthu 51 okha ndiwo analembetsa kuti akagule.

Michael Faraday anabadwa m'chaka cha 1791 pafupi ndi London, mwana wa wosula zitsulo wodwaladwala. Sukulu yake inathera pa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Ali ndi zaka 14 analowa ntchito yophunzira kusoka ndi kumata mabuku, ndipo mabuku amene ankasokawo ankawawerenganso. M'buku lina lalikulu ndimo anakumana ndi nkhani ya magetsi. M'chaka cha 1812 anamva Humphry Davy akuphunzitsa ku Royal Institution, nalemba zonse anazimva, nazisoka kukhala buku, nazitumiza kwa Davy pamodzi ndi pempho la ntchito. Chaka chotsatira anamlemba kukhala wothandiza, wotsuka mabotolo ndi kukonza zipangizo.

Umbuli wake wa masamu ndiwo unamtsekulira khomo limene anzake sanaliona. Popeza sanathe kukhutira ndi ziwerengero, anafuna kuona ndi maso. Anaika pepala pamwamba pa maginito, nawazapo tizidutswa ta chitsulo, ndipo tinadzifola m'mizere yokhotakhota yochoka ku nsonga ina kunka ku inzake. Ana ambiri anaona zimenezi iye asanabadwe. Koma Faraday ananena kuti mizereyo ilipo ndithu ngakhale tizitsulo titachotsedwa, ndi kuti tchaji nayonso imazingidwa ndi mizere yotere, yotuluka pa tchaji ya kuonkhetsa ndi kukathera pa ya kuchotsera. Pamene mizere yathithikana, mphamvu njaikulu; pamene yatayana, njochepa. Nthenga ija siimva utomoni uli kutali iai, imamva mizere imene ili pamalo pomwe yagonapo. Danga lodzala ndi mizere lotereli analitcha field, ndilo bwalo la mphamvu.

Sanalekere pa kunena. M'chaka cha 1831 anaonetsa kuti waya akadula mizere ya maginito, magetsi amayenda m'wayamo. Makina onse opanga magetsi pa mathithi amagwira ntchito ndi mfundo imeneyi. M'chaka cha 1833 anatsimikiza kuti magetsi a kukwecha, a batire, ndi a nsomba zonjenjemeretsa munthu, zonga nyesi ya mu mtsinje wa Shire, ali chinthu chimodzi. M'chaka cha 1836 anamanga chipinda cha matabwa cha mapazi 12 mbali zonse, nachikuta ndi waya ndi timapepala tachitsulo, nalowamo, anzake nachidzaza tchaji kufikira kunja kwake kunkathetheka moto. M'katimo zoyezera zake sizinagwedezeke konse. Umboni wina unadza m'chaka cha 1837. Anaika mpira wachitsulo m'kati mwa unzake waukulu, nasinthasintha zodzaza pakati pake, tsiku lina mpweya, tsiku lina sulufule kapena utomoni, ndipo tchaji imene mipirayo inasunga inasiyana monga mwa chodzazacho. Ngati mphamvu imangolumpha danga, nanga za m'dangamo zikusintha bwanji zotsatira?

Akatswiri a masamu analemekeza manja ake, koma maganizo ake anawayesa maloto a munthu wosaphunzira. George Airy, mkulu wa openda nyenyezi ku Greenwich, ananena m'chaka cha 1855 kuti mizereyo njosamveka poiyerekeza ndi lamulo lowerengeka bwino. Nkosayenera kumseka Airy. Lamulo la Coulomb linkapereka mayankho oona, ndipo ngakhale zotsatira za mipira iwiri ija ena anatha kuzimasulira mwa njira yakale. Faraday analibe chiwerengero chimodzi chimene adani ake akadalephera kuchipeza popanda mizere.

Chiwerengerocho chinadza ndi mnyamata wa ku Scotland, James Clerk Maxwell, amene ali ndi zaka 24 anayamba kulemba mizere ya Faraday m'chinenero cha masamu. Nkhalambayo inakondwa poona ntchitoyi, ngakhale zambiri sinathe kuziwerenga. M'chaka cha 1857 inalembera Maxwell kumfunsa ngati sikungatheke kuti odziwa masamu, akatha kupeza zimene apeza, azinenenso m'mau a tsiku ndi tsiku, kuti anthu ogwira ntchito ndi manja athe kuziyesa. Pofika chaka cha 1865 Maxwell anali ataonetsa kuti tchaji ikagwedezeka, bwalo lake silisintha ponseponse nthawi imodzi. Kusinthako kumayenda ngati funde, pa liwiro la pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi. Limeneli ndilo liwiro la kuwala, ndipo Maxwell anati kuwala nakonso kuli funde la m'bwalo lomweli.

Faraday anamwalira m'chaka cha 1867, nzeru zake zitayamba kale kuzilala, ndipo Maxwell anamtsata m'chaka cha 1879. Onse awiri sanaone Heinrich Hertz, ku Karlsruhe m'dziko la Germany, akuthethetsa moto mbali ina ya chipinda m'zaka za 1887 ndi 1888, kamoto kena nikayankha mbali inayo pa kawaya kopindidwa kosalumikizidwa ku kanthu. Mafunde amenewo ndiwo amanyamula mau a wailesi.

Ku Royal Society kunali kalata yomatidwa imene Faraday anasungitsa m'mwezi wa March 1832, popeza analibe njira yoyesera zimene ankaganiza. Anaitsekula patapita zaka zoposa 100. M'menemo analembamo kuti mphamvu ya maginito ndi ya magetsi imafuna nthawi kuti ifike kumene ikunka, ndi kuti kuyenda kwake kungafanane ndi mafunde a pamadzi.