Zaka 36 zofunafuna ntchito ya retron

Aliyense womwa ma ARV a tenofovir ndi lamivudine amalimbana tsiku ndi tsiku ndi enzayimu yotchedwa reverse transcriptase, imene kachilombo ka HIV kamagwiritsa ntchito pokopera malangizo ake kuchoka mu RNA kupita mu DNA. Howard Temin ndi David Baltimore anaipeza mu 1970, aliyense payekha, m'mavairasi oyambitsa khansa mu nkhuku ndi mbewa, ndipo mu 1975 analandira mphoto ya Nobel. Kuchokera apo enzayimuyi inatchuka ngati chida cha mdani wolowerera, ndipo ndikuona kuti mbiri imeneyi ndi imene inachedwetsa asayansi kumvetsa zomwe imachita m'mabakiteriya.

Mu 1984 gulu la Masayori ndi Sumiko Inouye ku America linapeza kanthu kachilendo mu Myxococcus xanthus, bakiteriya wa m'dothi: kachingwe kakafupi ka DNA komangirizidwa ku RNA, kochuluka kwambiri mu selo limodzi. Mu 1989 zinadziwika kuti kamapangidwa ndi reverse transcriptase ya bakiteriyayo, ndipo inapezekanso mu Escherichia coli. Temin anatcha gawo la majini lopanga kachingweka dzina loti retron. Kenaka nkhani inaima. Akachotsa retron, bakiteriya ankakula bwinobwino m'botolo la mu labotale, choncho ambiri anangoti ndi mlendo wodya zaulere. Koma m'botolomo munali chakudya chokwanira, mulibe mdani, ndipo mlonda saoneka ntchito yake pamudzi posafika wakuba. Yankho linabwera mu 2020, pamene gulu la Rotem Sorek ku Weizmann Institute, m'dziko la Israel, pamodzi ndi magulu ena, linaonetsa kuti ma retron amateteza ku mavairasi ogwira mabakiteriya. Retron yotchedwa Ec48 imayang'anira puloteni ya bakiteriya yotchedwa RecBCD. Vairasi ikangoyesa kulepheretsa puloteniyo, selo limadzipha vairasiyo isanaberekane, ndipo maselo oyandikana nalo amapulumuka.

Wina angatsutse kuti akalewo sanalakwe kwenikweni, poti gulu lalikulu la ma enzayimu amenewa m'mabakiteriya ndi la ma group II intron, zidutswa zimene zimangodzikopera ndi kudzilowetsa pamalo ena mu DNA. Izi n'zoona. Cholakwika chinali kuweruza banja lonse potengera khalidwe la mmodzi, pomwe umboni wosiyana unalipo kale. Mu 2002 labotale ya Jeff Miller ku UCLA inapeza vairasi yogwira Bordetella imene imagwiritsa ntchito reverse transcriptase yokopera molakwitsa dala pa chilembo chimodzi cha DNA, adenine, kuti nsonga za timiyendo take tizisinthasintha ndi kugwirabe bakiteriya amene wasintha khungu. Mu 2016 zinaoneka kuti Marinomonas mediterranea, bakiteriya wa m'nyanja, amalumikiza enzayimuyi ndi puloteni ya Cas1 kuti asunge zidutswa za RNA m'nkhokwe yake yokumbukira adani yotchedwa CRISPR. Ngakhale ofufuza za mkaka, amene mavairasi amawaonongera mabakiteriya owawasitsa tchizi, ankadziwa kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kuti puloteni ya AbiK mu Lactococcus lactis imatsekereza mavairasi, ndipo pambuyo pake zinaoneka kuti nayonso ndi ya banja lomweli. Iwowa ankagwira ntchito pamene mdani analipo tsiku lililonse, n'chifukwa chake anaona chitetezocho msanga.