Mbiri ya Tsitsi ndi Kasamalidwe Kace m'Dziko la Chongwe

Dziko la Chongwe liri kum'mawa kwa Lusaka, ndipo boma lace liri pa mtunda wa makilomita 45 potsata mseu wa Great East Road. Eni nthaka ndi Asoli, ndipo mfumu yao yaikulu ndi Nkomeshya Mukamambo II, amene analowa ufumu mu 1971. Lusaka atasanduka likulu la dziko mu 1935, Acewa, Ansenga ndi Angoni ambiri anatsika ndi mseu umenewu kucokera ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, ndipo ena anakhazikika pakati pa Asoli pamodzi ndi cinenero cao ndi miyambo yao.

Kuno mvula imaleka mu April, ndipo masika akafika anthu ali kalikiliki kukolola. Kuyambira pamenepo kumwamba kumakhala gwa, kufikira October pamene Asoli amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula kwa makolo ao. Miyezi yonseyi ndi ya mphepo ndi pfumbi, ndipo tsitsi limauma ndi kuthothoka. Tiyeni tione m'mene anthu akale analikucitira ndi tsitsi lao, ndi cimene cinasintha.

Isusu ya Aila

Asoli ndi abale a Alenje, Asala, Atonga ndi Aila. Mitundu imeneyi imachedwa Bantu Botatwe, dzina limene linachuka ndi Bambo Jules Torrend, amene anayamba misyoni ya Kasisi mu 1905 ndipo anasindikiza buku la mau a zinenero zimenezi mu 1931. Mwa abale onsewa, amene anamveka kutali cifukwa ca tsitsi ndi Aila a ku zigwa za Kafue, ndipo kwa iwo odzikongoletsa koposa anali amuna.

Mu 1855 David Livingstone anakomana ndi amuna a mudzi wina amene analikutsata kalukidwe ka Aila, ndipo m'buku lace la 1857 anafotokoza kuti iwo analikumeta pamphumi, m'mbali ndi kunkhongo, nasiya tsitsi la pakati pa mutu, limene analikuliluka ngati culu cotalika mainchesi 8 kapena 10. Mfumu ya mudziwo inali ndi nsonga yotalika yadi yathunthu. Livingstone analembanso kuti kalukidwe kameneka kanali kowawa, popeza khungu la mutu linali kukokedwa kolimba, koma eni ace analikuzolowera.

Edwin Smith ndi Andrew Dale, m'buku lao la 1920 lonena za Aila, anachula maina ace. Culu cacifupi comatidwa ndi phula ndi dothi cinali impumbe, ndipo cacitali cinali isusu. Popanga isusu mmisiri analikusokerera tsitsi logula kwa anthu ena pa impumbe, naika pamwamba kacidutswa ka nyanga ya mphalapala kopalidwa bwino, mpaka utali wace kuyandikira mafiti 4. Pogona mwini wace analikumangirira nsongayo kudenga ndi cingwe. Ena amati isusu inalikuthandiza alenje kuonana m'udzu wautali wa m'zigwa. Pofika 1920 mwambowu unali utayamba kale kuzirala.

Lumo ndi Miyambo

Kwa Acewa ndi anansi ao mkazi wakale sanali kusunga tsitsi lalitali zaka zambiri, cifukwa lumo linali kubwera pa nthawi iri yonse yaikulu ya moyo. Khanda likaturuka m'cikuta analikulimeta tsitsi lobadwa nalo. Namwali analikumetedwa pa cinamwali, kusonyeza kuti ubwana watha. Maliro akaikidwa abale analikumeta, ndipo patapita miyezi analikufulula mowa ndi kumetanso kaciwiri, kuti cisoni cithe ndi mzimu ugone. Kawirikawiri mowa umenewu unalikudikira masika, pamene m'nkhokwe muli cimanga ndi mapira a cimera. Tsono mlendo wolowa m'mudzi analikutha kudziwa za m'mudzimo pongoona mitu ya anthu.

Tsitsi lometedwa silinali kutayidwa poyera ai. Analikulikwirira kapena kulibisa, poopa kuti munthu wa cipongwe angalitole ndi kulicitira mankhwala. Cifukwa ca ici munthu sanali kupereka mutu wace kwa mlendo. Woluka kapena wometa anali mbale kapena bwenzi lokhulupirika, ndipo nchitoyo inali kucitikira pabwalo kapena pakhonde, madzulo, nkhani ziri mkati.

Mafuta ndi Sopo wa Makolo

Mafuta odzola anali a nsatsi, zimene zimakhwima mvula ikatha. Akazi analikuyanika nsatsi padzuwa mpaka makoko athetheke, nazikazinga, nazisinja, naziphika m'madzi, ndipo mafuta akayandama analikuwayengula ndi kuwasunga m'nsupa. Nsatsi sizidyedwa, pakuti mbeu yace ndi zotsalira zace ziri ndi ululu, ndipo ana analikuletsedwa kuziyandikira. A m'mbali mwa mitsinje analinso ndi mafuta a mbeu za msikidzi, ndipo ena analikusakaniza mafuta ndi dothi lofiira.

Posambitsa mutu analikuthyola masamba a cewe, therere lija lomera m'minda, nawatikita m'madzi kufikira madziwo atanyololoka. Madzi oterewa amacotsa litsiro ndi kufewetsa tsitsi, kotero kuti cipeso ca mtengo cimapita osadula. Taonani kuti zonsezi zinali kupezeka pa masika, nthawi yomweyo imene tsitsi liyamba kuuma.

Za Masiku a Sitolo ndi Sukulu

Njanji itafika pa Lusaka mu 1905, ndipo masitolo atacuruka, sopo, malezala, zipeso za ku sitolo ndi mafuta a Vaseline zinalowa m'midzi, ndipo nsupa ya nsatsi inayamba kuiwalika. Sukulu zambiri zinalamula ana kumeta tsitsi lifupike, cifukwa ca ukhondo. Akazi a mpingo anazolowera kubvala citambala. Mu 1939 sukulu ya Jeanes inasamuka ku Mazabuka kudza ku Chalimbana, m'dziko lomweli la Chongwe, ndipo kumeneko aphunzitsi analikuphunzira pamodzi ndi akazi ao, amene anaphunzitsidwa za ukhondo ndi kasungidwe ka nyumba, nabwerera nazo kumidzi.

M'matauni kumeta kwa maliro kunacepa. Ambiri anayamba kungodulako pang'ono pamphumi. Apa ndi pamene tsitsi lalitali linakhala cinthu cosirika kwa akazi. Analikulimanga ndi ulusi wakuda, kuliluka mizere imene a ku Lusaka amati mukule, ndi kuliongola ndi cipeso cacitsulo cootha pamoto. Pambuyo pace anabwera mankhwala oongolera tsitsi, mawigi, ndi tsitsi la ku fakitale lolumikiza.

Cimene Madokotala Apeza

Kuwawa kuja kumene Livingstone anachula pa kalukidwe ka Aila, lero madokotala amakudziwa bwino. Tsitsi likakokedwa kolimba miyezi ndi zaka, mizu yace imafooka, ndipo limayamba kutha pamphumi ndi m'mbali mwa makutu. Nthendayi inalembedwa koyamba mu 1907 pakati pa akazi a ku Greenland omanga tsitsi mothina. Mu 2007 Dr. Nonhlanhla Khumalo ndi anzace anapima anthu ku Langa, mu mzinda wa Cape Town, napeza kuti mwa akazi 100 ali onse pafupifupi 32 anali ndi bvutoli, ndipo mwa atsikana a sukulu 100 anali 17. Linali lalikulu koposa kwa iwo oluka mothina pa tsitsi loongoledwa kale ndi mankhwala. Munthu akaleka msanga tsitsi limameranso, koma akacedwa mizu imafa ndipo dazi lace silicira.

Kusiyana kwace ndi makolo nkwakuti mutu wao unalikupuma. Lumo la mwambo linali kubwera, tsitsi niliyambanso. Mwana wa lero amalukidwa asanayambe sukulu, ndipo mizere ikamasulidwa m'mawa ina imalukidwa madzulo. Tsitsi limakula sentimita imodzi yokha pa mwezi, mwina kucepera, motero cimene cathothoka pa masika amodzi cimafuna zaka kuti cibwerere.

Tsono inu amai a m'tauni, mvula ikaleka citani monga analikucitira agogo anu. Sambitsani mutu ndi cofewetsa, mupese tsitsi likali lonyowa kuyambira kunsonga, mudzole mafuta pang'ono, ndipo muluke mizere ikuluikulu yosathina, kusiya katsitsi ka pamphumi kosagwidwa. Bvalani citambala pamphepo ndi pogona. Mizere isapitirire masabata ocepa, ndipo mukamasula mulole mutu upume. Mwana akalira kuti mutu ukuwawa, kapena mukaona tizironda m'mizere, masulani tsiku lomwelo, ngakhale mwalipira woluka ndarama zambiri. Kuona maso a nkhono nkudekha.